Pakamwa pa Mang Dulfo

Amuna anga a Teodulfo Magbanua, amene mudzi wathu wonse wa Sabang umawadziwa kuti Mang Dulfo, anabadwa akulankhula. Sindikuwanamizira ayi. Apongozi anga ndiwo ankanena zimenezi, ndipo sankanena monyadira. Ankati pamene banja lawo linkasamuka ku chilumba cha Cuyo kubwera kuno ku Palawan, a Dulfo ali ndi zaka zinayi, anafotokoza mtambo uliwonse ndi nsomba iliyonse kwa masiku awiri apanyanja, mpaka bambo awo anakafunsa mwini bwato ngati panali malo ena oikapo mwanayo, ngakhale kumene kunali nkhumba.

Ine ndine Ludivina, Aling Luding wa padoko, wogulitsa mpunga, nsomba zootcha ndi madzi a kokonati kwa alendo odikira mabwato opita kuphanga. Ndakhala ndi bamboyu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Anandifunsira pa maliro a azakhali anga. Anayamba kulankhula tikuchoka kumanda, ndipo pofika kunyumba n'kuti nditalola kale. Sichinali chikondi poyamba. Ndinkaganiza kuti ndikalola akhala chete. Chikondicho chinabwera pambuyo pake, koma bata silinabwere mpaka lero. Tchuthi changa chinali zaka zitatu zimene ndinakagwira ntchito ya m'nyumba ku Kuwait ana athu ali pasukulu. Kumeneko ndinkatsuka mbale za anthu khumi ndi anayi, koma makutu anga ananenepa.

Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi a Dulfo ankapalasa bwato mu mtsinje wathu uja wodutsa pansi pa phiri. Ankatenga alendo, kuwaveka zisoti ndi majekete oyandamitsa, n'kulowa nawo mumdima ndi nyali imodzi. Kupalasa ndiye aliyense angathe. Chimene chinkawapatula kwa anzawo chinali pakamwa. Miyala yolendewera ya m'menemo, imene kwa munthu wanzeru zake ndi miyala basi, iwo ankaonamo zinthu. Banja Loyera ndi Kandulo anazipeza zitatchulidwa kale ndi akuluakulu, koma bowa, chimanga, kabichi ndi biringanya ankalumbira kuti anatulukira okha, ndipo pamenepo anapatcha kuti pamsika. Ankadziwa mawu atatu a Chikoreya, awiri a Chijeremani ndi limodzi la Chijapani, ndipo ndi mawu amenewo ankaseketsa anthu ulendo wonse. Alendo ena ankafika padoko ndi dzina lawo litalembedwa pa kapepala.

Mudabwa kumva kuti ine phangalo ndinali ndisanalowemo. Choyamba, wophika alibe nthawi yokaona miyala. Chachiwiri, ndikangoti nditchule zopitako, a Dulfo ankadumpha ngati apondedwa chala. Ankati fungo la mileme lingandiwononge chifuwa. Ankati mkazi wa wopalasa akalowamo, mtsinje umachita nsanje. Ine sindinkalimbikira, popeza phanga lonselo ndinkalimva tsiku ndi tsiku pa chakudya chamadzulo. Ndiponso ulemu wanga ndinkaulandirira padoko pomwepo. Alendo ochokera kuphanga akamva wina akundiitana dzina, ankagundana zigongono n'kupempha kuti andijambule. Ankati ndigwire m'chiuno. Ndikamwetulira ankati ayi mayi, musamwetulire. Ndinkangoti ndi mafashoni akwawo, ndipo m'mtima ndinkati kukongola sikukalamba.

Mavuto anabwera atavala ulemu. Kunafika anthu a m'tauni ndi makina ojambulira mawu, n'kunena kuti akufuna wopalasa wodziwa phanga kuposa onse. A Dulfo anavala malaya awo a paukwati, n'kulankhula masiku atatu. Anthuwo anabwera ndi mafunso khumi, ndipo ndikumva kuti anafunsa limodzi lokha. Pajatu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Patapita miyezi ingapo kunafika makatoni a timawailesi toika m'khutu. Mlendo aliyense azilandira kake, ndipo m'katimo muli mtsikana wa mawu osalala wonena zonse zija za a Dulfo, m'zilankhulo zochuluka kuposa zala za dzanja limodzi.

Lamulo linabwera limodzi ndi makatoniwo. Akuluakulu a paki yosamalira phangalo anati phokoso likusowetsa mtendere mileme ndi anamzeze okhala m'phangamo. Kuyambira tsiku limenelo wopalasa azingopalasa ndi kuloza nyali pamene kawailesi kakunena. Wolankhula achenjezedwa kawiri, kachitatu asiya nkhafi. Kunena chilungamo, sankanama. Mabwato khumi, wopalasa aliyense akukuwa nthabwala zake, ngakhale ine ndikanakhala mleme ndikanasamuka. Chovuta chinali chakuti woyang'anira opalasa anali Marivic, mwana wathu wa ubatizo, amene a Dulfo anamunyamula okha kutchalitchi ali ndi miyezi iwiri.

Tsiku limenelo a Dulfo anafika kunyumba nkhope ili pansi.

“Luding, andibera pakamwa.”

“Akanandiuza ndikanawathandiza kunyamula,” ndinatero.

Ndinaseka msanga. Mawu amene munthu wawatsekera tsiku lonse sauluka ayi, amabwera nawo kunyumba. Ankayamba ali pageti. Ankalankhula ndi nkhuku, ankalankhula ndi ng'azi imene imabwera kuseri kwa khitchini kudzadya mitu ya nsomba, mpaka ng'aziyo inasintha nthawi yobwerera. Tsiku lina ndikusenda adyo ndinangoona kuwala kwa tochi pakhoma, dzuwa likuswa mtengo.

“Alendo athu, kumanja kwanu mukuona poto wa zaka mamiliyoni awiri. Mwini wake akuti akadali bwino. Kumanzere kwanu, chonde musayandikire, chimaluma.”

“Mukufuna mudye lero kapena ayi?”

“Mwamva kulira kwake, alendo athu? Ndiye kuti chili ndi njala.”

Chenjezo loyamba silinachedwe. Bambo wina wonenepa wa ku Manila anayang'ana kudenga kukamwa kuli yasa, pansi penipeni pa mileme. A Dulfo akuti anapirira mpaka mtima unawapweteka, kenako anati, “Bwana, tsekani pakamwa, mvula ina ya muno ili ndi eni ake.” Akanalekera pomwepo bwenzi palibe mlandu. Koma pakamwa pawo pali ngati mpopi wothyoka, ndipo anatuluka m'phangamo akulankhulabe. Phanga silisunga chinsinsi. Marivic anamva zonse ali pagombe.

Chenjezo lachiwiri linabwera ndi masisitere asanu ndi mmodzi a ku Iloilo. Wopalasa naye amavala kawailesi kuti bwato liziyendera limodzi ndi mawu, koma a Dulfo kawo anali atakaika m'thumba. Ankati mtsikanayo amanena nthabwala zawo ngati akulengeza maliro. Ndiye anapalasa mwa chizolowezi chawo, kawailesi n'kumapita patsogolo iwo ali m'mbuyo. Pamene mtsikanayo ankati taonani Banja Loyera, nyali inali pa biringanya. Masisitere anachita chizindikiro cha mtanda n'kuyamba Tikuoneni Maria.

“Ndiye ndikanatani?” anandifunsa madzulo ake. “Ndikanawasiya apembedze ndiwo? Ndangoti, pepani masisitere, ameneyo ndi biringanya.”

“Basi?”

“Ndinawonjezerako pang'ono.”

Lamulungu lotsatira, titabwera ku Misa, Marivic anafika pakhomo. Anatenga dzanja langa n'kuligunditsa pamphumi pake monga mwana woleredwa bwino, n'kuchita chimodzimodzi kwa a Dulfo, koma osawayang'ana m'maso. Ndinamumvera chisoni. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

“Ninang, ndagwira njakata,” anatero, poti kuno mayi wa ubatizo timamuti Ninang, bambo Ninong. “Akuluakulu akuti Lachinayi ndikwere nawo bwato la Ninong ndekha. Akatuluka osalankhula, machenjezo awiri aja tifufuta. Akalankhula, nkhafi asiya tsiku lomwelo. Chonde, musanawatsanzike m'mawa, muwayang'ane muja mumachitira.”

Ankanena za diso langa. Mudzi wonse umalidziwa. Ndi chinthu chokhacho chimene chinatsekapo pakamwa pa a Dulfo. Linagwira ntchito pa ukwati wa mwana wathu wamkazi, linagwiranso ntchito tsiku limene anafuna kuwongolera ulaliki wa abambo mfumu. Koma ndimalidziwa malire ake.

“Diso la m'mawa silifika masana,” ndinatero. “Ndikwera nawo bwatolo.”

A Dulfo anatsamwa ndi khofi.

“Chifuwa chako, Luding!”

“Chinapirira fumbi la ku Kuwait.”

“Mtsinje uchita nsanje.”

“Mkazi wa Pedring, wopalasa mnzanu, analowa kawiri, ali ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Musandipusitse.”

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Marivic nayenso anayamba kuluma mlomo. Anati kapena ndingofika pagombe, ndiwayang'ane pokwera, n'kutsala. Ndinamuyang'ana nayenso, nkhani n'kutha. Ndinkadziwa chimene nkhafi ija inali kwa amuna anga. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, wosadziwa kulima, wosadziwa kusoka ukonde, amene ngakhale akudwala malungo ankafunsa ngati madzi a m'phanga akwera. Ndinati ndalongolola zaka zonsezi kwaulere, ulendo uno ukali wanga uwapulumutse.

Lachinayi ndinasiyira mng'ono wanga mapoto, n'kukwera bwato la injini limodzi ndi alendo ngati dona. Titatsika pagombe la paki tinalowa kanjira ka m'nkhalango. Anyani anali pantchito yawo ya masiku onse, kumvetsera kulira kwa mapepala apulasitiki. Mmodzi wamkulu anatsika mumtengo n'kulunjika chikwama changa. Ndinamuyang'ana kamodzi. Anaima, anadzikanda m'khwapa ngati wakumbukira zina, n'kupita kukalanda mabisiketi a mzungu wina. Ndinati chida changa chili bwino lero.

A Dulfo tinawapeza pa thamanda la madzi obiriwira la pakhomo pa phanga, ataima m'bwato, thukuta lili kamukamu ntchito isanayambe. Alendo anali mwamuna ndi mkazi a ku Korea ongokwatirana kumene, mzungu wamtali wosupuka mphuno ndi dzuwa, ndi mayi wina wa ku Manila wa zibangili zambiri ndi alongo ake awiri. Marivic anandiveka chisoti, n'kundiika kawailesi m'khutu ndi manja ake. Kanayamba kulankhula Chikoreya.

“Marivic, ichi n'chiyani?”

“Ka Chitagalogi chathu katha, Ninang.”

“Sikatha, amangodina apa,” anatero mayi wa zibangili uja, n'kundidinira. Marivic anayang'ana a Dulfo, a Dulfo anayang'ana kumwamba.

Ndinakhala pa mpando wam'mbuyo, chotembenuka, nkhope yanga italunjika wopalasa, n'kuwaika diso. Linagwira. Milomo yawo inali phwii. Koma titangolowa, kuwala kwa kunja kunayamba kuchepa, kenako kunangoti bii, mdima wa ndiwe yani. Nyali anailozetsa kumiyala. Apa ndi pamene ndinazindikira kupusa kwanga, kuti diso limafuna kuwala. Ndinatembenuka mwamanyazi n'kukhala ngati anzanga, koma ndinabweza dzanja kumbuyo n'kugwira bondo lawo, zala zili zokonzeka kutsina.

Ndinene zoona, malo aja anandichititsa mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Denga linakwera mpaka nyali inalephera kulipeza. Anamzeze ankadutsa pafupi ndi makutu akulira tetete mumdima, mileme itadzaza m'makoma, madontho ozizira akugwera pachisoti. Fungo linalipodi, pamenepo sananame. Ndinaganiza kuti bambo amene ndimamukalipira chifukwa chosiya malaya pansi wakhala akulowa muno kangapo patsiku kwa moyo wake wonse, akudziwa mwala uliwonse, ine n'kumati amangopita kukabwebweta. Ndinawanyadira, ngakhale sindikanawauza.

Iwo kumbuyoko anali pamoto. Ndinkawamva akumeza mawu ngati munthu womeza kwinini wopanda madzi. Titafika pamsika paja, mtsikana wa m'khutu ananena za biringanya ndi mawu ake a pamaliro, ndipo m'bwato monse simunaseke munthu. A Dulfo anabuula. Ndinatsina. Pa Kandulo anakoka mpweya wautali, ndinatsinanso. Tinafika pokhotera, bwato linatembenuka, theka la ulendo litatha opanda liwu limodzi. Ndinayamba kuganiza za nkhuku imene ndikaphe madzulo.

Kenako bwato linayamba kuthamanga. Nkhafi inkamenya madzi ngati tikuthawa ng'ona, ndipo nyali inali kumanja, pa khoma lopanda kanthu. Mtsikana uja anati m'khutu mwanga, mosalala bwino:

“Tsopano yang'anani kumanzere kwanu. Mwala umene mukuuonawo opalasa amautcha kuti Luding Akulandira Mwamuna Wake.”

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. Mitu yonse inatembenukira kumanzere, koma kunali mdima.

“Manong, nyali kumanzere!” anatero mayi wa zibangili kwa a Dulfo.

Nyali ija inayenda pang'onopang'ono ngati ikupita kokanyongedwa. Inaima pa mwala wautali ngati munthu, woima pa shelefu pamwamba pa madzi. Unali mayi. Manja onse awiri anali m'chiuno, khosi litasololokera kutsogolo, kukamwa kuli yasa. Mtsikana wa m'khutu anapitiriza kunena kuti wopalasa wina akachedwa kunyumba amalandiridwa chonchi, ndipo kuti mwalawu wakhala ukulalata kwa zaka zikwi zambiri osapuma. Aka kanali koyamba kuti m'bwato monse museke anthu, aliyense m'chilankhulo chake. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwalawo unandifanadi. Ngakhale mphuno inali yanga.

Zonse zinandibwerera nthawi imodzi, chifuwa, nsanje ya mtsinje, ndi alendo aja ondiuza kuti ndisamwetulire. Ndinazula kawailesi m'khutu.

“Teodulfo Magbanua!”

Dzinalo linapita mpaka kumapeto kwa phanga n'kubwerako kawiri. Mileme inabalalika.

“Ninang, chonde,” ananong'ona Marivic.

“Khala chete iwe, wandiika Chikoreya m'khutu! Ndiye kuti Sabang yense amadziwa? Pedring amadziwa? Abambo mfumu amadziwa? Zaka zonsezi ndikugwira m'chiuno padoko ngati chitsiru, zithunzi zanga zili m'nyumba za anthu ku Jeremani, inu mukudya mpunga wanga osatsamwa?”

“Ayi, ndinu?” anakuwa mayi wa zibangili. “Ndinu Luding weniweni? Ate, mkulu wanga, tangogwirani m'chiuno pang'ono!”

Ndinapeza kuti ndagwira kale. Mnyamata wa ku Korea ankayang'ana mwala, kuyang'ana ine, n'kumagwedeza mkazi wake paphewa. Mzungu uja anavula chisoti, kaya mwaulemu kaya mwamantha.

Ndinatembenukira kwa a Dulfo. Bwato linali litaima, nyali ili pa mwalapo. Ndinawanena za malaya apansi, ndinawanena za tsiku limene anaiwala mwana kutchalitchi chifukwa chocheza, ndinawanena ndi akwawo a ku Cuyo omwe. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane ndinakangana nawo popanda yankho. Ndinali nditalakalaka tsiku lotere kwa zaka zambiri, koma silinakome m'pang'ono pomwe. Mawu anga ankangobwerera kwa ine ndekha, ndipo ndinawamva mmene amamvekera kwa ena. Ukali unayamba kuphwa, pansi pake panatsala chinthu china chowawa.

“Ndiye mumandiona chonchi?” ndinafunsa. “Ndakuberekerani ana anayi, ndinakatsuka zimbudzi za eni kuchipululu, ndipo chimene munaona mwa ine choti muuze dziko lonse ndi pakamwa? Yankhani.”

Ndinawagwiranso bondo.

“Mukapanda kundiyankha pano, ndidziwa kuti n'zoona.”

Ndikanakonda kunena kuti ndinali nditaiwala za lamulo lija. Sindinaiwale. Ndinkadziwa kuti Marivic ali pomwepo ndi kabuku kake, ndinkadziwa mtengo wa chimene ndinkapempha, ndipo ndinapemphabe.

Ndinamva nkhafi ikuikidwa pamiyendo, madzi akudontha kuchokera pa iyo.

“Marivic, mwana wanga, lemba,” anatero a Dulfo. Kenako anatsitsa mawu. “Luding, mwala uwu ndinaudutsa zaka zisanu ndi chimodzi osauona. Ndinauona mwezi wachiwiri utapita ku Kuwait. Kunyumba kunali zii. Ndikachedwa, palibe wondifunsa kumene ndinali. Ndikasiya malaya pansi, ndinkawapeza pomwepo m'mawa. Ndinkalankhula, koma palibe wondiuza kuti nditseke pakamwa, ndipo kulankhula kotero n'kwa wamisala. Tsiku lina nyali inangogwera apa, ndinati, eee, wabwera! Kuyambira pamenepo ndinkaima pano ulendo uliwonse, undikalipire pang'ono, ndipeze mphamvu, ndizipita. Alendo anayamba kufunsa chimene ndikuimira. Ndikanati chiyani? Ndiwauze Majeremani kuti ndasowa mkazi wanga? Ndinawapatsa nthabwala. Utabwera ndinafuna kuleka, koma n'kuti anzanga onse ataitola kale.”

Ine, Aling Luding wa padoko, ndinalira. Misozi inangoti chuchuchu, kulowa m'jekete. Kutsogolo mayi wa zibangili ankamina mokweza, akumasulira alongo ake zimene anamva okha.

A Dulfo anatola nkhafi. Ndipo poti mbuzi inali itafa kale, anaona kuti palibe chifukwa chosungira mpeni.

“Alendo athu, chotsani tizinthuto m'makutu,” anatero. “Mwaona mwala, mwaona ndi mwini wake. Zimenezi sizichitika tsiku lililonse, ndipo sitilipiritsa mwapadera.”

Sanakuwe ayi, analankhula motsitsa, mwina pochitira ulemu mileme imene ine ndinali nditaidzutsa kale. Koma analankhula njira yonse. Mawu atatu a Chikoreya aja anagwira ntchito mpaka mkwatibwi anagwira m'mimba. Mzungu anaseka mpaka bwato linapendama. Anationetsa zinthu zimene kawailesi sikadziwa, pamene madzi anafika chaka cha namondwe wamkulu, ndi kamng'alu kamene namzeze wina wa nthenga yoyera anamangapo chisa zaka zinayi zotsatizana. Nthabwala zimene ndinazimva kambirimbiri kukhitchini kwanga ndinaziona zili pamalo pake, ndipo zinali zoseketsadi. Ndinaseka nawo, uku ndikulira. Marivic ankachita zomwezo, kabuku kali pamiyendo.

Titatulukira pa kuwala alendo anawomba m'manja. Marivic anadikira kuti onse atsike ndi kumaliza kundijambula, kenako anatsegula kabuku kaja. Ndinamugwira mkono.

“Wolakwa ndine, mwana wanga. Lemba ine.”

“Ninang, inu mulibe nkhafi,” anayankha, maso ali psuu. “Mabwato atatu anali m'mbuyo mwathu, onse amva. Ndikawasiya Ninong, mawa ndiwauza chiyani enawo?”

“Musiye mwanayo agwire ntchito yake,” anatero a Dulfo. “Mileme nayo imafuna tulo.”

Anavula nyali n'kuipereka. Nkhafi anaipukuta kaye ndi malaya awo, ngakhale inali yobwerera m'madzi ola lomwelo ndi munthu wina, kenako anaiimika pamtengo pamodzi ndi zinzake. Pedring ndi opalasa ena anapeza zoti aziyang'ana m'mabwato mwawo. Marivic anatenga dzanja la a Dulfo n'kuligunditsa pamphumi pake, ndipo analisunga pamenepo nthawi yaitali.

Pobwerera ku Sabang injini inkalira kwambiri, ndiye sindinadabwe kuti sanalankhule. Koma titatsika padoko, tinadutsa pa mapoto anga, tinadutsa patchalitchi, tinalowa njira ya kwathu, iwo ali chete. Anadutsa galu wa aneba osamupatsa moni. Dzuwa linali likadali pamutu, nthawi imene sanayambe apezekapo m'mudzi pakati pa sabata. Ndinapita kukapulumutsa ntchito ya amuna anga, ndipo ndinawalanda ndi pakamwa panga. Mtima unkandiwawa.

“Tanenani kanthu, inu,” ndinatero titafika pageti.

Anaima dzanja lili pa chitseko, akuyang'ana manja awo okakala aja ngati ndi a munthu wina.

“Luding,” anatero, “mawa ndidzuke nthawi yanji?”